Phukusi Lokana Kumangika

Moni kwa iwe wowerenga wanga, kaya uli m'kalasi, kaya wakhala pakhonde kwanu. Ndikuyamika Mulungu amene watidzutsa ndi moyo lero, ndipo ndikuthokozanso iwe potsegula tsamba lino. Khala bwino, ndikuuze za mtsikana wina ndi Lachisanu lake.

1. Chenjezo la amalume

Kuntchito ankamutcha Mafunso, chifukwa ola silinkatha iye osafunsa kanthu. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, atangomaliza kumene maphunziro olemba mapulogalamu a kompyuta. Kampani ina yaing'ono, ya pamwamba pa sitolo ya matayala, inamutenga kuti imuyese miyezi itatu. Lachisanu limeneli linali tsiku lomaliza. Madzulo ake bwana anayenera kunena chimodzi: khala, kapena pita.

Mafunso ankakhala ndi amalume ake, okonza mawotchi ndi mawailesi. M'mawa umenewo iye akumanga zingwe za nsapato, amalume anaima pakhomo.

"Ima kaye, mwana wa mlongo wanga. Ine ndisanatsegule kabenchi kangaka ndinagwira ntchito kwa mabwana asanu ndi awiri, ndipo kwa onsewo ndinaphunzira chinthu chimodzi. Bwana safuna womuphunzitsa, amafuna womuthandiza. Akati nyamula, nyamula. Akati tula, tula. Pakamwa pakopo ndimapadziwa, mpa mayi ako penipeni. Ukayenda umasiya phazi, mwanawe, ukasiya mlomo umakutsata. Kunjaku kuli anyamata ndi atsikana mazanamazana okhala ndi mapepala ngati akowo, nsapato zinawathera zidendene ndi kuyendera ntchito. Ukadzuka pampando umenewo, usanatsike n'komwe masitepe, wina akhala atakhalapo kale. Lero lokha meza mafunso akowo. Akakulemba, udzafunse mpaka tsiku lachiweruzo."

"Ndamva, amalume."

"Wamva ndi khutu liti?"

"Onse awiri."

"Onse awiri ndiye oipa. Limodzi limalowetsa, linalo n'kumatulutsa."

Onse awiri anaseka. Amalume anamugwira paphewa, napempha Ambuye kuti amutsogolere mwanayo potuluka ndi polowa. Kenaka Mafunso anauyamba ulendo.

2. Fulashi ya chingwe chofiira

Ofesi yawo inali chipinda chimodzi cha madesiki anayi. Zenera lake linkayang'ana pabwalo la sitolo, ndipo tsiku lonse kunkamveka kugogoda kwa ochotsa matayala.

Miyezi itatu yonseyo ankalemba webusayiti ya chipatala china cha ana. Namwino ankayenera kulemba tsiku la katemera wa mwana pa kalendala ya pa webusayitiyo, ndipo tsikulo likayandikira, mayi wa mwana ankayenera kulandira uthenga pafoni womukumbutsa. Achipatala ankaidikira folo koloko madzulo a Lachisanu lomwelo.

Wowerenga wanga, pulogalamu yotere munthu sailemba yonse yekha. Amabwereka zidutswa zimene anthu ena analemba kale, zotchedwa malaibulale. Ina imajambula kalendala, ina imatumiza mauthenga, ina imawerengera masiku. Laibulale iliyonse ikakonzedwa ndi eni ake imapatsidwa nambala yatsopano, ndiyo veshoni. Ntchito ikatha, zonsezi zimasonkhanitsidwa pamodzi kukhala phukusi limodzi, n'kuliika pa seva, kompyuta yaikulu imene imasunga webusayiti kuti anthu aziipeza.

Malaibulale amatsitsidwa pa intaneti. Koma intaneti ya muofesimo inkayenda ngati nkhono, choncho anthu ake anapeza njira yawoyawo. Pamsomali wa pafupi ndi chitseko pankalendewera fulashi ya chingwe chofiira, kachipangizo kosungiramo zinthu za pakompyuta. M'fulashimo munali foda ya malaibulale onse. Wobwera kumene ankangoikopera mu laputopu yake, basi. Panatha zaka ziwiri popanda munthu wotsitsa malaibulale mwatsopano.

Bwana analowa akupukuta magalasi.

"Mafunso, lero umanga phukusi ndi iweyo. Kantchito kopepuka, ka tsiku lomaliza. Folo koloko likhale lili m'manja mwa Amayi a Seva."

Amayi a Seva ndiwo ankayang'anira maseva a kampaniyo. Anali mayi wa imvi, wokhala pakona, wokonda kung'ung'udza nyimbo za m'kachisi akamagwira ntchito. Pambali pawo panali kompyuta yoyesera, yopanda kanthu m'kati, yofanana ndi seva ya kuchipatala.

Mafunso sanapite pamsomali. Anakakhala pa kompyuta yoyeserayo, naiuza kuti itsitse malaibulale onse pa intaneti monga mwa mndandanda wawo. Anadikira pafupifupi ola lathunthu. Kenaka pagalasi panadzaza mawu ofiira.

3. Mawu ofiira

Anawawerenga pang'onopang'ono, chala chili pagalasi. Nkhani yake inali iyi. Laibulale ya kalendala inkati, ine ndimagwira ntchito ndi laibulale ya masiku, veshoni yachiwiri. Laibulale ya mauthenga inkati, ine ndimafuna yomweyo, koma veshoni yachitatu. Webusayiti inkatha kusunga veshoni imodzi yokha. Kompyuta inakana kusankha, ndipo phukusi silinamangike.

Mkulu wa olemba mapulogalamu, amene onse ankamutcha Changu, anasuzumira akutafuna chivindikiro cha cholembera.

"Iwe chemwali, wakutuma ndani kumeneko? Fulashi ili apo ikukuyang'ana."

"Ndimafuna ndione ngati limangika lokha, achimwene."

"Waona tsopano. Ingofosa, uikakamize. Pali mawu amodzi, ukawalemba kumapetoko kompyuta imasiya matukutuku, imameza zonse."

"Nanga ikameza, m'mimba mwake mukhala bwanji?"

"Aaa, wayambapo! Ndiwe dokotala wa makompyuta?"

Mafunso anafosa, koma pa kompyuta yoyesera yokha. Mawu ofiira anatha. Webusayiti inatseguka, yokongola, mabatani onse ali m'malo mwake. Changu anaomba m'manja.

"Si izo! Tiye tikamwe tiyi."

Mtsikanayo sanadzuke. Analemba mwana wongoyerekeza, namuikira katemera pa 12 Juni, naika nambala ya foni yake ngati ya mayi wa mwanayo. Foni inalira. Uthenga unati: Mayi, mubwere ndi mwana ku katemera pa 12 Julayi.

Anamuonetsa Changu. Changu anasiya kutafuna.

"Chikomekome cha mkuyu, achimwene. Mwezi wathunthu mwana ali wopanda katemera."

"Chabwino, usafose. Tenga foda ya m'fulashi uiike m'phukusimo. Imene ija silakwitsa."

"N'chifukwa chiyani silakwitsa?"

Mafunso anatenga fulashi, natsegula laibulale ya masiku ya m'menemo, naifananiza ndi ya pa intaneti. Inali veshoni yachiwiri, koma mizere itatu inali yosiyana. Munthu wina anaisintha ndi manja kuti laibulale ya mauthenga iziiyesa yachitatu.

"Ndani analemba izi?"

Changu anakanda kumutu. "Ndine. Kalekale. Tinali pa changu, zinagwira, tinapitirira."

"Munalemba penapake kuti mwasintha?"

"Ndinalemba m'mutu."

"Ndiye mutu wanuwo tiuikenso m'phukusi, upite ku chipatala?"

Pakona paja nyimbo inadukiza. Amayi a Seva anatsokomola kubisa kuseka.

4. Mawu a Amayi a Seva

Nthawi ya nkhomaliro ena onse anatsika. Mafunso anatsala, akuyang'ana mizere itatu ija. Amayi a Seva anakoka mpando wawo kufika pafupi.

"Tandiuza, mwanawe, foda ya m'fulashi ikuvuta chiyani? Lero igwira, si choncho?"

"Lero igwira, mayi. Koma seva ikadzafuna kukonzedwa, munthu wa kuchipatala adzatsitsa malaibulale pa intaneti. Mizere ya achimwene sidzakhalamo. Adzaona mawu ofiira, adzafosa, ndipo mauthenga adzayamba kunama popanda wodziwa."

Amayiwo anagwedeza mutu.

"Tamvera tsono. Ndili mtsikana ngati iwe ndinamanga phukusi la sukulu ina. Linakana, ndinalikakamiza, linalola. Anandiyamikira kuti ndine wachangu. Patatha miyezi isanu, mayina a ana makumi anayi anasowa pa mndandanda wa olemba mayeso. Ena anawapeza nthawi ikadalipo, ena ayi. Palibe anandiloza chala, chifukwa palibe anadziwa kuti ndine. Koma ine ndinadziwa, ndipo Iye amene amaona zobisika anadziwa. Mpaka lero ndikagwada kupemphera ana aja amabwera. Mawu ofiira si mdani wako, mwanawe. Ali ngati mlonda wofuula pachipata. Kufosa n'kumutseka pakamwa mlondayo, wakubayo osamuthamangitsa. Ndipo phukusi limene munthu wina sangathe kulimanganso iwe kulibe, limenelo si phukusi, ndi msampha.

"Koma ndisakunamize. Ndakalamba, bodza silindikhalanso. Choonadi sichilembetsa munthu ntchito nthawi zonse. Bwana wathuyu si munthu woipa, koma analonjeza folo koloko, ndipo sakonda kutsutsidwa pamaso pa anthu. Ukasankha njira yopapatiza, uyambe wadziwa kuti ili ndi minga. Ine sindikusankhira."

"Njira yakeyo ndi iti, mayi?"

"Waipeza kale theka. Wadziwa amene akukangana, wadziwanso chimene akulimbirana. Tsopano funsa kuti ndani mwa awiriwa angasunthe."

Mafunso anafufuza. Laibulale ya mauthenga sikanabwerera m'mbuyo. Koma eni ake a laibulale ya kalendala anali atatulutsa veshoni yatsopano, yogwirizana ndi yachitatu ija. Vuto linali lakuti yatsopanoyo inkaitanidwa mosiyana ndi yakale. Anawerenga malo onse amene webusayiti yawo inkaitana kalendala. Anakwana khumi ndi anayi. Onsewo anafunika kulembedwanso ndi kuyesedwa.

"Maola angati?" anafunsa amayiwo.

"Anayi, ndikapanda kuphonya."

Onse awiri anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itangopitirira wani koloko.

5. Sindifosa

Bwana anabwera cha m'ma thu koloko. Changu anali atawauza kale pa masitepe.

"Mafunso, ndamva kuti wapeza ntchito ina pamwamba pa imene ndakupatsa."

Mafunso anaimirira, nawaonetsa uthenga wa pafoni uja. Bwana anauwerenga kawiri.

"Izi zachitika chifukwa unafosa. Foda ya m'fulashi ilibe vuto limeneli. Ikopere, umange, titumize. Zinazo tidzakonza sabata yamawa."

"Sabata yamawa ya zaka ziwiri zapitazo sinafikebe, bwana."

Pansi wina ankagogoda tayala.

"Ukuti chiyani?"

"Pepani bwana, sindikuchita mwano. Koma sindifosa, ndipo foda ija sindiika. Ndikaika, ndiye kuti ndawapatsa achipatala chinthu chimene ndikudziwa kuti chidzawanamiza. Ndipatseni mpaka faifi koloko, ndikupatsani phukusi loti aliyense angathe kulimanga."

"Ndinalonjeza folo."

"Ndikudziwa, bwana."

"Ukudziwanso kuti lero ndi tsiku lanji kwa iwe?"

"Ndikudziwa."

Bwana anavula magalasi. Mawu awo anatsika, ndipo anthu a muofesimo ankadziwa kuti akatsika choncho ndiye kuti zavuta.

"Mwana iwe, kampani ino ndinaiyamba ndi desiki imodzi. Chimene chatisunga si nzeru, anzeru ndi ambiri. Chatisunga n'chakuti tikati folo, imakhala folo. Changu, manga la m'fulashi. Iwe, chita zimene ukufuna. Koma folo koloko ikakwana phukusi lako lisanathe, usadzandifunse za Lolemba."

Changu anamunong'oneza akudutsa. "Chemwali, gonja. Ukufera ana oti sunawaonepo?"

"Amayi awo anawaona," anayankha Mafunso, nakhala pansi.

6. Malo khumi ndi anayi

Ntchitoyo anali ataiyamba kale wani koloko ija. Anakweza laibulale ya kalendala, nasiya ya masiku pa veshoni yachitatu, natsitsanso zonse. Ulendo uno mawu ofiira sanabwere. Koma webusayiti inathyoka m'malo onse khumi ndi anayi aja, monga ankayembekezera. Anatenga kope lake, nalemba manambala kuyambira wani, nayamba kukonza amodziamodzi. Akakonza, ankayesa. Akayesa, ankadula mzere m'kopemo.

Hafu pasiti fili, phukusi la Changu linali litatha. Mafunso anali pa malo achisanu ndi chitatu.

Folo koloko inakwana ali pa malo a khumi. Sanadzutse mutu.

Bwana ananyamula phukusi la Changu, napita pakona. "Mayi, ikani ili."

"Ndiika, bwana," anatero Amayi a Seva mofatsa. "Koma mundilembere kaye pakapepala kuti mizere itatu ija mukuidziwa, ndipo mwandituma ndinu. Ukalambawu ndimaiwala."

Anawapatsa cholembera. Bwana anachigwira, nayang'ana pepala. Foni yawo inalira, anali achipatala. Anatuluka nayo pakhonde, ndipo onse anawamva akuti, "Pepani kwambiri, tipatseni kanthawi pang'ono." Atabwerera sanalembe kanthu. Anakhala pa desiki yawo, manja atapinda.

Mafunso atadula mzere wa khumi ndi chinayi, Changu anaima kumbuyo kwake.

"Alipo a khumi ndi chisanu," anatero osamuyang'ana. "Tsamba losindikiza khadi la mwana. Ndinalilemba mwanjira ina, sungalipeze pofufuza."

"Zikomo, achimwene."

"Usandithokoze. Ndikungofuna tiweruke."

Atakonza pamenepo, analemba fayilo ya loko. Imeneyi ndi fayilo yosunga nambala yeniyeni ya veshoni ya laibulale iliyonse, kuti aliyense womanga phukusilo, kaya mawa kaya chaka chamawa, adzatsitse zomwezo. Kenaka anapempha Amayi a Seva kuti afufute zonse pa kompyuta yoyesera, amange okha, iye manja ali kumbuyo.

Linamangika. Analembanso mwana wongoyerekeza pa 12 Juni. Foni inalira. Uthenga unati 12 Juni. Anayesa tsiku lomaliza la mwezi, anayesa la kumapeto kwa chaka, anasindikiza khadi. Zonse zinalondola.

Nthawi inali itapitirira faifi koloko ndi mphindi makumi awiri.

7. Yankho la bwana

Bwana anayang'ana maphukusi awiriwo nthawi yaitali.

"Mayi, ikani la mwanayu."

Amayi a Seva analiika, naimbira achipatala kuti ayese. Namwino wa kumeneko anati zikuyenda. Changu anapumira m'mwamba. Koma bwana sanamwetulire.

"Mafunso, phukusi lako ndalitenga, chifukwa ndi labwino kuposa linalo. Zimenezo sindikana. Koma iweyo sindikutenga. Unandikanira pamaso pa antchito anga, ndipo wandipepesetsa kwa anthu amene sindinawapepesepo. Ndikakusunga, mawa aliyense muno azisankha yekha lamulo loti amvere. Kalata yokuchitira umboni ndikulembera, yabwino. Kiyi ya ofesi usiye pa desiki."

Mafunso misozi sanailole. Anatulutsa kiyi m'thumba, naiika pa desiki, natsekanso laputopu ya kampani.

"Zikomo bwana pondiphunzitsa miyezi itatu. Ndipemphe chimodzi chokha. Fayilo ya loko ija, wina asadzaifufute akadzakhala pa changu."

"Ukundilamulanso?"

"Ndikupempha, bwana."

Bwana anayang'ana kumbali. "Siidzafufutidwa."

Mafunso anatenga kope lake ndi chikwama, natuluka mutu uli chilili. Anatsika masitepe asanu okha. Anakhala pansi pomwepo. Pabwalo ochotsa matayala ankalowetsa zitsulo zawo, akuseka nkhani zawozawo.

Kumbuyo kwake kunamveka nyimbo yong'ung'udza ndi mapazi otsika pang'onopang'ono. Amayi a Seva anaima pambali pake, atagwira chitsulo cha masitepe.

"Ukunong'oneza bondo?"

"Ayi, mayi. Zikungowawa."

"Zimawawa kumene. Dzuka, masitepe si pokhala. Mawa seveni koloko undipeze pa geti la chipatala chija. Ubwere ndi kope lakolo, ndipo uvale nsapato zoyendera."

"Kukatani, mayi? Mawa ndi Loweruka."

"Pali munthu wina kumeneko, woyang'anira makompyuta awo, wandifunsa pafoni paja kuti wachedwetsa phukusi ndani. Ndamuuza chifukwa chake, ndamuuzanso kuti ndibwera naye."

"Akufuna andikalipire?"

"Funso limenelo ukamufunse mwini wake," anatero amayiwo, napitiriza kutsika.

Wowerenga wanga, tsiku lina nawenso udzaona mawu ofiira pa ntchito ya manja ako, ndipo padzakhala wina wokuuza kuti ungofosa. Ambuye akupatse maso owerenga chenjezo mpaka kumapeto, ndi mtima wosagwedezeka pamene mawu ako akunjenjemera. Akugwire dzanja pa masitepe amene udzatsike ukulira, asakusiye wekha pamenepo. Mtendere wake ukhale pa iwe ndi pa onse a m'nyumba mwanu. Ameni.